Kudwazika Wakumudzi Uli M'tauni: Foni ndi Matenda a Mgonagona

Ambiri mwa ife tili kuno ku tauni koma makolo athu ali ku Nsaru, ku Kabudula, ku Mpingu, ku Nambuma kapena ku Namitete. Foni ikalira usiku, nambala ili ya kumudzi, mtima umayamba wagunda tisanayankhe. Mwezi wathawu inandilirira ine. Mlongo wanga anati, "Achimwene, amayi mutu ukuwawawa kwambiri, ndipo mankhwala a BP anatha sabata yatha. Tipite nawo kuchipatala usiku uno kapena tidikire kuche?" Ndinaphunzira mpaka ku yunivesite, koma funso limeneli linandisowetsa chonena. Chimene ndinadziwa kuchita ndi kutumiza ndalama basi. Phunziro la lero likuchokera pamenepo.

Matenda amene sachoka

Malungo amabwera, munthu n'kumwa mankhwala masiku atatu, n'kuchira. Matenda a mgonagona sali choncho. Kuthamanga kwa magazi, shuga, mphumu ndi khunyu amakhala ndi munthu zaka zambiri, ena moyo wonse. Kafukufuku amene Unduna wa Zaumoyo unachita mu 2009 mothandizidwa ndi bungwe la WHO anapeza kuti pafupifupi mmodzi mwa akuluakulu atatu alionse m'Malawi muno anali ndi BP yokwera, ndipo ambiri mwa iwo sankadziwa. BP imayesedwa yokwera ikamafika 140/90 kapena kupyola pamenepo mobwerezabwereza, ndipo nthawi zambiri siipweteka. N'chifukwa chake munthu amasiya mankhwala n'kumati wachira, pamene mitsempha, mtima ndi impso zikuwonongeka mwakachetechete.

Wodwala wotere amaonana ndi dokotala mwina kamodzi pamwezi kapena pa miyezi itatu. Masiku ena onsewo amakhala kunyumba, ndipo mafunso amabwera masiku amenewo. Kulakwitsa kuli pawiri: kuwononga ndalama ya kabaza pa chinthu chimene chikanadikira, kapena kudikira pa chinthu chimene chimafuna kuthamanga. Kulakwitsa kwachiwiriku kumapha.

Zinayambira pafupi pomwepa

Nzeru yofunsira chithandizo pa foni si yachilendo kwathu kuno. Mu 2008, pa chipatala cha St Gabriel ku Namitete, chimene anayambitsa masisitere a chipani cha Karimeli ochokera ku Luxembourg mu 1959, wophunzira wina wa ku Stanford University dzina lake Josh Nesbit anabweretsa kompyuta imodzi ndi mafoni a m'manja. Anthu odzipereka osamalira odwala m'midzi, amene kale ankayenda mtunda wautali wapansi kapena panjinga kukapereka uthenga kuchipatala, anayamba kungolemba uthenga wa pa foni. Namwino ankadziwa wodwala amene wafooka, amene mankhwala amuthera, ndi amene afunika kumuyendera msanga. Ntchito imeneyi inakula n'kukhala bungwe la Medic Mobile, limene linafika m'mayiko ambiri.

Mu 2011, m'boma la Balaka munayamba Chipatala Cha Pa Foni. Maganizo ake anachokera kwa Amalawi awiri, a Soyapi Mumba ndi a Clement Mwazambumba, ndipo bungwe la VillageReach linaiyendetsa pamodzi ndi Unduna wa Zaumoyo. Poyamba inali ya amayi oyembekezera ndi ana, kenako inayamba kuyankha za matenda osiyanasiyana n'kufalikira dziko lonse, ndipo pambuyo pake boma linaitenga kukhala yake. Nambala yake inali 54747, yaulere pa Airtel.

Kodi woyankhayo amachita chiyani?

Woyankha ndi munthu wophunzira zachipatala, ndipo ntchito yake yaikulu ndi kusankhula. Amafunsa mafunso motsatana: wodwala ali ndi zaka zingati, vuto layamba liti, akumwa mankhwala anji, akutha kulankhula, kuyenda ndi kumeza kapena ayi. Akamva mayankho, amauza banja chimodzi mwa zitatu: msamalireni kunyumba motere, pitani naye kuchipatala chapafupi lero kapena mawa, nyamukani tsopano lino.

Tidziwenso zimene foni singathe. Singayeze BP, singayeze shuga, ndipo singapereke mankhwala. Namwino amaona ndi maso a amene akuimbayo. Tikamuuza zosakwanira, kapena tikabisa kuti wodwala anasiya mankhwala kapena akumwanso azitsamba, malangizo ake adzakhala opotoka. Choncho ndi bwino kuti aimbe amene ali pafupi ndi wodwalayo, osati ife a m'tauni amene tangomva nkhaniyo. Akhale ndi kabuku ka kuchipatala m'manja, pamodzi ndi timapepala ta mankhwala.

Zizindikiro zosadikira foni

Pali nthawi imene kuimba kumachedwetsa. Mukaona izi, funani galimoto kapena njinga yamoto, muziimba muli panjira:

1. Pakamwa papotoka, mkono kapena mwendo wa mbali imodzi wafooka mwadzidzidzi, kapena mawu sakumveka bwino. Izi ndi zizindikiro za sitiroko.
2. Pachifuwa pakupweteka ngati pasanjikidwa chinthu cholemera, kapena wodwala akubanika mpaka kulephera kumaliza mawu.
3. Wakhunyu wagwa kwa mphindi zopitirira 5, kapena akugwa mobwereza asanatsitsimuke. Mgonekeni cham'mbali, musaike kanthu m'kamwa mwake.
4. Wa shuga wasokonezeka kapena wakomoka. Ngati akunjenjemera ndi kutuluka thukuta koma akutha kumeza, mpatseni madzi a shuga. Ngati wakomoka musamumwetse chilichonse.

Chilonda cha kuphazi cha munthu wa shuga nachonso chisagonetsedwe masiku. Chimayamba ngati kachironda ka minga, koma ena adulidwa mwendo chifukwa cha kuchedwa.

Chikhulupiriro chathu chikutiuza chiyani?

Pa Mateyo 8:5-13 timamva za mkulu wa asilikali wa ku Kapernao amene wantchito wake anali gone kunyumba, atafa ziwalo. Wodwalayo sakanatha kuyenda, choncho wina anamuyendera. Mkuluyo anafotokoza vutolo momveka, ndipo anakhulupirira kuti mawu onenedwa patali angathe kuthandiza. Namwino wa pa foni si Ambuye Yesu, ndipo mawu ake sachiritsa. Koma udindo wa mkulu uja ndi wathu: kulankhulira amene sangadzilankhulire, ndi kupita kwa woyenera m'malo mongodandaula.

Ndinene mosabisa chinthu chimene chikuvulaza mabanja. Ena amauzidwa kuti akapemphereredwa ataye mankhwala, ati kumwa mankhwala n'kuchepa chikhulupiriro. Mpingo wathu suphunzitsa zimenezo. Ukanakhala kuti umatero, masisitere aja sakanamanga chipatala ku Namitete. Wodwala alandire Sakramenti la Kudzoza Odwala, ndipo m'mawa mwake amwe mankhwala ake.

Usiku uja ndinauza mlongo wanga kuti aimbe yekha. Anafunsidwa ngati amayi akulankhula bwino, ngati akuona bwino, ngati manja onse ali ndi mphamvu, ndiponso ngati akusanza. Zonse zinali bwino, ndipo mutu unali utayamba kuleka. Anamuuza kuti apite nawo kuchipatala kukangocha, koma chimodzi mwa zizindikirozo chikaoneka asadikire. Kutacha BP inapezeka yokwera, ndipo anayambanso mankhwala. Chimene chinandichititsa manyazi n'chakuti ine, amene ndimaimba foni Lamulungu lililonse, sindinafunsepo ngati mankhwala alipo. Akuluakulu adati safunsa anadya phula.

Zokambirana m'miphakati sabata ino

1. Ndani m'banja mwanu kapena mumphakati mwanu ali ndi matenda a mgonagona? Kodi mukudziwa dzina la mankhwala ake ndi tsiku limene akubwerera kuchipatala?
2. Kumudzi kwanu, ndani ali ndi foni yokhala ndi moto usiku, ndipo ndani angamunyamule wodwala?
3. Inu eni ake munayezetsa liti BP?

Musanagone lero, imbirani kumudzi. Mukatha kupereka moni, funsani kuti mankhwala atsala a masiku angati, ndipo muwatchulire nambala yapano ya Chipatala Cha Pa Foni ailembe pachikuto cha kabuku ka kuchipatala.