Pophunzitsa za kupululidwa kwa Atutsi ku Rwanda: zoyenera ndi zosayenera

Aphunzitsi anzanga a ku sekondale, ntchito mumaidziwa. Koma mutu uwu ambiri amauthamangitsa m'piriyodi imodzi, ana n'kutuluka ataloweza manambala okha: anthu pafupifupi 800,000 m'masiku 100. Tatcherani khutu.

Zoyenera

- Yambirani m'zaka za m'ma 1930, pamene atsamunda a ku Belgium analemba mtundu wa munthu pa chitupa, poti ndi zitupa zotere zomwe ankafunsa pa marodibuloko mu 1994.
- Tchulani wailesi ya RTLM yomwe inkati Atutsi ndi mphemvu, ana aone kuti chipongwe chinatsogola, zikwanje n'kutsatira.
- Nenani mosapsatira kuti ambiri anaphedwa ndi anthu a m'mudzi mwawo momwemo, chifukwa mpamene pagona phunziro la unzika.
- Simbani za ana a sekondale ya Nyange. Mu Malichi 1997 zigawenga zinawalamula kuti apatukane, Ahutu uku Atutsi uko. Iwo anakana, ena n'kuphedwa. Anali a msinkhu wa ana anuwo, ndiye nkhaniyi musaidumphe.
- Fotokozani makhoti a m'midzi a gacaca, omwe anatsekedwa mu 2012, ana adziwe kuti wakupha amayankha mlandu.
- Afunseni chomwe angachite uthenga wonyoza mtundu wina ukagwa pa gulu la WhatsApp, pakuti udindo wawo ukuyambira pomwepo.

Zosayenera

- Musayambire pa ndege ya Pulezidenti Habyarimana yomwe inagwetsedwa pa 6 Epulo 1994, chifukwa gulu la zigawenga la Interahamwe linali litakonzekera kale kupha.
- Musati "inali nkhondo chabe ya mitundu iwiri", poti mukubisa akuluakulu a boma ndi asilikali omwe anakonza zophazo.
- Musaike Ahutu onse m'gulu la akupha: nduna yaikulu Agathe Uwilingiyimana anali Mhutu, ndipo anaphedwa pa 7 Epulo.
- Musamate zithunzi za mitembo pa bolodi, mwana wogwidwa nthumanzi saphunzira kanthu.
- Sewero loti awa akhale akupha, awo ophedwa, ayi ndithu! Likathera ku bwalo la mpira ngati nthabwala.
- Musaimiritse mwana wochokera ku kampu ya othawa kwawo ya Dzaleka kuti asimbe za kwawo, mwina banja lake lili ndi bala lomwe simukulidziwa.
- Musalekerere m'kalasi zotcha aliyense wothawa kwawo "Mburundi", chifukwa mukupasula zomwe mwangophunzitsa kumene.
- Musamalize ndi mawu oti "kwathu kuno sizingachitike", pamene anawo amamva okha mmene akuluakulu amatonzerana mitundu ndi zigawo nthawi ya kampeni.

Mutuwu upatseni nthawi yokwanira, ndipo musiyeko mpata woti ana afunse mafunso awo.