Mphamvu ya Citsamba Imapimidwa Bwanji?

Phunziro la mwezi uno ndi la inu amene mukufuna kulima zitsamba za mankhwala kuti muzigulitsa, komanso la inu amene mumawiritsa makungwa ndi mizu mwana akadwala kunyumba. Funso lake ndi ili: ngati citsamba cili ndi mphamvu, mphamvuyo ndi yoculuka motani? Diso silingayankhe. Lilime limangotiuza kuti cinthu ncowawa, ndipo dzina la mtengo limangotiuza mtundu wake. Kuculuka kwa mankhwala amene ali m'kati kumadziwika pokhapokha munthu atapima.

Mankhwala amene tikambirane ndi a gulu lochedwa alkaloid, dzina limene Carl Meissner wa ku Germany anawapatsa mu 1819. Onse ali ndi nitrogen, yemwe uja timathira m'munda ndi feteleza wa Urea, ndipo ambiri ndi owawa. Comera cimawapanga makamaka kuti tizilombo ndi ziweto zisacidye. Ena mumawadziwa kale: nicotine wa mu fodya, caffeine wa mu khofi ndi tiyi, kwinini wa malungo, ndi morphine amene madokotala amapatsa odwala omva ululu waukulu. Onsewa amagwira nchito m'thupi ali ocepa zedi. Atropine, amene amapezeka m'comera ca Datura, akangokwana mamiligalamu owerengeka amasokoneza munthu mutu ndi kuthamangitsa mtima wake.

Makolo athu anaona zimenezi pa mwabvi, ngakhale kuti anazimasulira mwina. Khungwa la mtengo umenewu, umene akatswiri amaucha Erythrophleum, lili ndi ma alkaloid ogwira mtima. Woganiziridwa ufiti akamwa nkusanza, ankati alibe mlandu. Akafa, ankati mlandu wamupeza. Koma cimene cinkagamula cinali kuculuka kwa ciphe m'cikhomo: mtengo umene khungwalo linacokera, kukula kwa cibenthu, nthawi imene linakhala m'madzi, ndiponso dzanja la mapondera amene ankasinja. Boma linaletsa mwambowu ku Nyasaland mu 1911, ndipo kuno mu 1914. Komabe amene lero amawiritsa makungwa odzaza manja awiri, osadziwa mphamvu yake, nkupatsa mwana wa zaka zitatu, sali kutali kwenikweni ndi cikho cija.

Kupima kumapindulitsanso mlimi, ndipo mbiri ya kwinini ndiyo umboni. Mu 1820, Pelletier ndi Caventou a ku Paris anatulutsa kwinini m'khungwa la cinchona, mtengo wa kumapiri a Andes. Adatchi anabzala mitengo yambirimbiri ya cinchona pacilumba ca Java, koma yoyambayo inali ndi kwinini wocepa kwambiri. Mu 1865 Charles Ledger anatumiza ku Ulaya mbewu zimene Manuel Incra Mamani anatola ku Bolivia. Adatchi anagulako paundi imodzi, ndipo mitengo itakula anapima khungwa la mtengo uliwonse paokha. Ina inapezeka ndi kwinini woposa magawo 10 pa 100, ndipo ndi yokhayo imene anaiculukitsa. Pofika zaka za m'ma 1930, Java inkatulutsa magawo oposa 90 pa 100 a kwinini wa dziko lonse. Ife a Adventist nkhaniyi imatikhudza mbali ina: mu 1898 amishonale angapo a ku Solusi, pafupi ndi Bulawayo, anafa ndi malungo, ena mwa iwo atakana kwinini poopa kuti ndi ciphe. Ciphe analidi akaculuka, koma pa muyeso woyenera akanawapulumutsa.

Kutulutsa mankhwala m'tsamba

Nchito ya m'labotale imayamba ndi zimene mumazidziwa: kuumitsa, kusinja ndi kusefa. Wopima amatengako ufa woyezedwa bwino pa sikelo, mwacitsanzo galamu imodzi, nkuuviika mu methanol kapena m'madzi othira asidi pang'ono. Apa nitrogen uja amathandiza. M'madzi a asidi, alkaloid amasanduka mcere wosungunuka m'madzi, pamene mafuta ndi phula la tsamba zimatsala. Akathiramo ammonia, alkaloid amacoka m'madzimo nkulowa m'madzi ena osasakanikirana nawo, monga chloroform. Ndi kusamutsa kotereku zinyalala zambiri zimatayidwa. Koma cotsalaco cikadali cisakanizo, popeza tsamba limodzi likhoza kukhala ndi ma alkaloid makumi angapo, ofanana ngati ana a mimba imodzi.

Kuwalekanitsa: chromatography

Njira yowalekanitsira inapezedwa ndi katswiri wa zomera, Mikhail Tsvet, ku Warsaw mu 1903. Iye anathira madzi a masamba mu cubu ca galasi codzaza ndi ufa wa coko, ndipo madziwo potsika anagawikana m'mizere, wina wobiriwira, wina wacikasu. Mu 1906 anaicha njirayi chromatography, kutanthauza kulemba ndi mitundu. Mukhoza kuyesa nokha: sinjani masamba a cibwabwa mu spiriti wopanda utoto, imikani coko m'madziwo, ndipo dikirani. Mudzaona mitundu ikukwera mosiyana liwiro.

Cifukwa cake ncosavuta. Taganizirani mbuzi zimene mnyamata akuzikusa m'kanjira kodutsa m'chire. Zonse zanyamuka pamodzi, koma ina imaima pa citsamba ciliconse, ina imangobudula apa ndi apo, ina siima konse. Pofika ku khola zimalowa imodziimodzi, ndipo popeza khalidwe la mbuzi silisintha, mawa zidzafikanso motsatana comweco. Mu makina a masiku ano, ochedwa HPLC, kanjirako ndi kapaipi kacitsulo kotalika masentimita 10 kapena 15, kodzaza ndi timibulu ta silica tosalala kuposa ufa woyera. Pampu imakankha madzi mwamphamvu kudutsa m'kapaipimo. Mankhwala okonda kumamatira ku timibuluto amacedwa, okonda madzi amafulumira, ndipo aliwonse amatuluka pa mphindi yakeyake. Pa kompyuta amaoneka ngati timapiri totsatana pa mzere.

Pali njira ina yochipa, ya kagalasi kopakidwa silica, imene amaiwaza mankhwala a Dragendorff kuti ma alkaloid aoneke ngati madontho ofiirira onga lalanje. Ndi yabwino poyankha kuti alimo kapena mulibe. Pa funso la kuculuka kwake siyodalirika, ndipo wogulitsa mankhwala akakuonetsani madontho okhawo ngati umboni, dziwani kuti sanakuuzeni zambiri.

Kuwayeza kulemera: mass spectrometer

Nthawi yotulukira payokha siikwanira, cifukwa mankhwala awiri osiyana akhoza kutuluka pa mphindi imodzi. Nkuona kumapeto kwa kapaipi kaja amalumikizako makina ena, mass spectrometer, amene amayeza kulemera kwa molekyu, kacidutswa kocepetsetsa ka mankhwala. Amodzi mwa oyamba a mtunduwu anapangidwa ndi Francis Aston ku Cambridge mu 1919. Njira yolowetsamo madzi, imene inacititsa kuti agwirizane bwino ndi HPLC, inapezetsa John Fenn mphoto ya Nobel mu 2002. Madziwo amapopedwa pa kasingano kokhala ndi magetsi a mavoti masauzande angapo. Timadontho timauma, ndipo molekyu iliyonse imatsala itatenga mphamvu ya magetsi. Ikatero ikhoza kukokedwa ndi kukhotetsedwa, yopepuka mosavuta, yolemera movutirapo, monga mphepo imalekanitsira mankhusu ndi maso a mapira popeta.

Alkaloid aliyense amaoneka pa nambala yake. Atropine amaoneka pa 290, mnzake scopolamine pa 304, kwinini pa 325, ndipo colchicine, wa mu duwa lofiira la m'dzinja la Gloriosa, pa 400. Pofuna kutsimikiza, makina amasankha nambala imodzi, amaiphwanya poiwombanitsa ndi mpweya, nkuyezanso zidutswazo: 290 wa atropine amabala 124, ndipo 304 wa scopolamine amabala 138. Nanga bwanji osangogwiritsa nchito makina amenewa okha? Kwinini ali ndi mbale wake m'khungwa lomwelo, quinidine, wolemera cimodzimodzi, 325, koma wogwira mtima mwamphamvu kuposa iye. Sikelo siingawasiyanitse, kapaipi kaja ndiko kamawasiyanitsa. Makina awiriwa amafunana.

Tsopano kuculuka. Makina sadziwa miligalamu mwa iwo okha, amaphunzitsidwa. Wopima amagula alkaloid weniweni wosasakaniza, amapanga madzi a mphamvu zodziwika zisanu kapena zisanu ndi imodzi, nawalowetsa m'makina kuti aone kukula kwa kaphiri ka mphamvu iliyonse. Kenako amayerekeza kaphiri ka tsamba lanu. Tinene kuti galamu imodzi ya ufa inaviikidwa m'mamililita 50, ndipo kapezeka kuti mililita iliyonse ili ndi mamaikologalamu 40. Ndiye kuti 40 kuculukitsa ndi 50 ndi mamaikologalamu 2,000, amene ndi mamiligalamu 2 pa galamu, kapena 0.2 pa 100. Pepala la zotsatira likabwera, funani manambala otere, ndipo onani ngati alemba kuti ndi a tsamba louma kapena laliwisi, cifukwa tsamba laliwisi mbali yake yaikulu ndi madzi.

Zimene kupima kwaulula

M'mabwalo ambiri a ku Chelstone ndi Kabwata muli kaduwa ka pinki kapena koyera kocokera ku Madagascar, Catharanthus roseus. Ku Jamaica ankamwa masamba ake pofuna kucepetsa shuga, ndipo pofufuza zimenezo Robert Noble ndi Charles Beer a ku Canada anapeza vinblastine mu 1958. Iye ndi mbale wake vincristine ndi mankhwala a khansa, makamaka ya m'magazi ya ana. Koma pamafunika pafupifupi makilogalamu 500 a masamba ouma kuti papezeke galamu imodzi ya vinblastine, ndipo m'masambamo muli ma alkaloid ena oposa 100. Wowiritsa masambawa kuti acize khansa amamwa enawo, osati amene akuwafuna. Malo a wodwalayo ndi ku cipatala. Mtengo wa mwimbi nawo, wa m'mbali mwa mitsinje, Azungu anaupatsa dzina la mtengo wa kwinini cifukwa ca kuwawa kwake, koma mulibe kwinini. Muli ena, monga reserpine, wotsitsa kuthamanga kwa magazi.

Ombwe ulibe alkaloid wofunika, koma nkhani yake ndi yomweyi ndipo ndi ya kwathu. Alimi a ku Chipata ndi ku Malawi amaubzala kuti ubwezere nthaka ndi kupha tizilombo. Mu 2012, Philip Stevenson wa ku Kew ndi anzake anasonyeza ndi makina omwewa kuti ombwe uli wa mitundu iwiri yofanana maonekedwe, ndipo pafupifupi gawo limodzi mwa anai la zomera zimene anatola ku Malawi linalibe mankhwala ophera anankafumbwe. Mlimi wodandaula kuti ombwe sugwira nchito mwina sankanama.

Coopsa kwambiri kwa ife olima soya ndi cimanga ndi Datura, comera ca maluwa oyera onga lipenga ndi zipatso zaminga, cokonda pa khola lakale ndi pa dzala. Mu March 2019, m'maboma a Napak ndi Amudat ku Uganda, anthu pafupifupi 300 anadwala ndipo asanu anamwalira atadya phala la cimanga ndi soya la cithandizo. Ofufuza anayamba ndi kufuna tizilombo ndi cuku. Makina a chromatography ndi mass spectrometer ndiwo anapeza atropine ndi scopolamine, ocokera ku mbewu za Datura zimene zinagayidwa pamodzi ndi zokolola. Kuyambira mu September 2022, maiko a European Union salola cimanga cokhala ndi ma alkaloid awiriwa oposa mamaikologalamu 15 pa kilogalamu. Pa thumba la makilogalamu 50 ndi mamaikologalamu 750. Kambewu kamodzi ka Datura kakhoza kukhala ndi pafupifupi 100, cotero timbewu tosakwana 10 tikhoza kulepheretsa thumba lonse. Zulani comeraci cisanabale, ndipo musaciponye m'khola kapena pa mulu wa manyowa.

Mbali ya mlimi

Makina amenewa ndi odula, ndipo palibe mmodzi wa ife adzakhala nawo pa famu. Koma kuno ku Chelstone sitili kutali ndi akatswiri: NISIR, bungwe la boma la kafukufuku wa sayansi, lili pa msewu wa ku bwalo la ndege, ndipo University of Zambia ili pa Great East Road pomwepa. Musanatole kanthu, pitani mukafunse ngati amapima alkaloid amene mukumufuna, mtengo wake, ndi kuculuka kwa ufa umene angafune. Ofuna kugulitsa mankhwala a zitsamba oikidwa m'mabotolo adziwenso kuti lamulo la 2013 linapatsa ZAMRA udindo woyang'anira mankhwala otere.

Makina amayankha za cimene mwawapatsa cokha. Mukatola masamba a comera cimodzi ca m'mphepete mwa munda, yankho lidzakhala la comera cimeneco. Tolani m'malo osiyanasiyana a munda, koma masamba, mizu, makungwa ndi mbewu muziike padera, popeza mphamvu yake siyofanana. Umitsani pamthunzi podutsa mphepo, muike m'mapepala osati m'mapulasitiki, kuti zisacite nkhungu. Pa phukusi lililonse lembani malo, tsiku, msinkhu wa comera, ndi feteleza kapena manyowa amene munathira. Sungani nthambi imodzi ya maluwa ndi cipatso, yopanikizidwa pakati pa manyuzipepala, kuti katswiri atsimikize mtundu wake, cifukwa dzina limodzi la kumudzi nthawi zina limachula mitengo iwiri kapena itatu. Ndipo zokolola za m'dzinja zikapimidwa, za m'cilimwe zipimidwenso pazokha.