Ntchito Zomwe Seva Imagwira Ife Titagona: Mafunso ndi Mayankho

Funso: Ndalowetsa malipoti a zipatala za ku Dedza mu DHIS2 masana ano, koma m'matebulo sakuoneka. Asowa?

Yankho: Sanasowe. DHIS2, pulogalamu yochokera ku University of Oslo yomwe Unduna wa Zaumoyo umasonkhanitsira ziwerengero, imasunga zomwe mwalemba nthawi yomweyo. Kuwonkhetsa ziwerengero zonsezo n'kolemera, ndiye kumachitika pa nthawi yoikika, kawirikawiri usiku. Mudzaonenso mawa m'mawa.

Funso: Bwanji osawonkhetsa pompo?

Yankho: Kuchigayo simuima ndi thumba pamutu mpaka ufa utatuluka. Mumalisiya pamzere n'kupita kumsika. Webusayiti nayonso imalandira pempho lanu, kuliika pamzere, n'kukuyankhani msanga. Wogaya ndi pulogalamu ina yomwe akatswiri amaitcha worker. Olemba Python amakonda Celery, a Ruby amakonda Sidekiq.

Funso: Nanga magetsi akathima?

Yankho: Apa ndiye pagona nkhani. Tonse tikukumbukira 2022, namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130. Worker yemwe munamuyatsa pamanja sadzuka yekha magetsi akabwerera. Mperekeni kwa pulogalamu ya systemd kuti izimudzutsa seva ikayaka komanso akafa. Cron ndi yabwino pa ntchito ya nthawi yoikika, koma seva ikakhala yozima pa ola limenelo, ntchitoyo imangodumphidwa mwakachetechete.

Mzerewo nawo uzilembedwa pa disiki. Ngati mzerewo uli mu Redis, dziwani kuti imagwirira ntchito mu memory, choncho iuzeni kuti izilemba chilichonse pansi, apo ayi ikani mzerewo mu PostgreSQL. Ine ndimasankha PostgreSQL pa seva yaing'ono, chifukwa zoyang'anira zimachepa.

Funso: Ntchito ikabwerezedwa palibe vuto?

Yankho: Lilipo, ndipo limadya ndalama. Tiyerekeze kalabu ya alimi a kachewere ku Bembeke ikulipira mamembala pa Mpamba kapena Airtel Money. Worker watumiza ndalama, magetsi athima asanalembe kuti wamaliza. Akadzuka aona ntchito ikadali pamzere, atumizanso. Malipiro aliwonse akhale ndi nambala yakeyake, ndipo worker asanatumize ayambe wafufuza ngati nambalayo inalipidwa kale.

Funso: Ndingatsimikize bwanji kuti zonsezi zili bwino?

Yankho: Pa seva yoyeserera, ikani ntchito 50 pamzere, zulani chingwe cha magetsi zili mkati, muyatsenso, kenako muwerenge zomwe zatha ndi zomwe zachitika kawiri.