Dziwani ufulu wanu: ukwati wa amuna kapena akazi okhaokha ku South Africa

Ambiri amene ali ku Joni amadabwa kuona akazi awiri akulowa mu ofesi ya Home Affairs ndi mboni zawo ziwiri, n'kutuluka ndi setifiketi ya ukwati. Kumeneko lamulo limalola.

Nkhaniyi inayamba ndi Marié Fourie ndi Cecelia Bonthuys, amene anakasuma boma litakana kulembetsa ukwati wawo. Pa 1 Disembala 2005, khoti loona za malamulo aakulu, kudzera mwa Jaji Albie Sachs, linagamula kuti kuwakaniza n'kuphwanya gawo 9 la malamulo aakuluwo, loletsa tsankho. Linapatsa Nyumba ya Malamulo chaka chimodzi kuti ikonze zinthu, ndipo lamulo lolola maukwati otere, Civil Union Act, linayamba kugwira ntchito pa 30 Novembala 2006.

Otsutsa, makamaka mipingo ndi mafumu, ankati ukwati ndi wa mwamuna ndi mkazi basi. Nkhawa yawo sinatayidwe yonse: m'busa sakakamizidwa kudalitsa ukwati wosemphana ndi chikhulupiriro chake. Koma lamulo la 2020 linachotsa ufulu wokana kwa wogwira ntchito m'boma. Ine ndimaona kuti apa anachita bwino, chifukwa setifiketiyo ndi imene imateteza wotsala mnzake akamwalira, achibale akabwera kudzalanda nyumba.

Chenjerani pobwerera kumudzi. Lamulo la maukwati la ku Malawi la 2015 limazindikira ukwati wa mwamuna ndi mkazi wokha, ndipo gawo 153 la Penal Code, lolanga amuna ogonana okhaokha, likadali ndi chilango chofika zaka 14 m'ndende. Mu Juni 2024 khoti ku Blantyre linakana kuthetsa gawoli.