PHUNZIRO: NTHENDA YA ENDOMETRIOSIS NDI CHIKUMBUMTIMA CHA MKHRISTU

Mwezi wathawu katekisiti wina wa ku nthambi yakutali anadza kwa ine ndi mlandu umene unamusowetsa tulo. Mayi wina wa kumeneko, wokwatiwa mu Eklezia zaka 6 zapitazo koma wopanda mwana, anaoneka akumwa mapiritsi amene anthu amawatcha a kulera. Amayi anzake atamva, anamuuza kuti asayandikirenso ku Ukaristia, ndipo iye, pochita mantha, anakhala miyezi 4 osalandira. Titafunsitsa, tinapeza kuti mapiritsiwo anamulembera ndi dotolo chifukwa cha nthenda yotchedwa endometriosis. Mayiyo sanachimwe konse. Tsono, akhristu okondedwa, makamaka inu akatekisiti amene milandu yotere imayamba kufika kwa inu, tiyeni tiphunzire nthendayi pamodzi.

Mulungu anaika m'kati mwa chiberekero kachikopa kofewa kamene kamakhuthala mwezi ndi mwezi kukonzekera mwana. Mimba ikapanda kukhala, kachikopako kamayoyoka, ndiwo msambo. Pa nthenda imeneyi minofu yofanana ndi kachikopako imamera kunja kwa chiberekero: pa timatumba ta mazira, pa njira za mazira, pa chikhodzodzo kapena pa matumbo. Nayonso imatupa ndi kukha magazi pa nthawi ya kumwezi, koma magaziwo alibe potulukira. Motero m'kati mumachita zipsera, ndipo ziwalo zimamatirirana. Dotolo John Sampson wa ku Albany, ku America, analemba m'chaka cha 1927 kuti magazi ena a msambo amabwerera m'mbuyo kudzera m'njira za mazira nagwera m'mimba, ndipo madotolo ambiri amayesa kuti ichi ndi chimodzi mwa zoyambitsa zake. Bungwe la World Health Organization limati nthendayi imagwira mmodzi mwa akazi 10 alionse a msinkhu wobereka, ndiko kunena akazi ngati 190 miliyoni pa dziko lonse. Si ufiti, si matenda opatsirana pa chigololo ayi.

Zizindikiro zake ndi ululu woopsa pa nthawi yosamba, wogoneka munthu pamphasa osatha kugwira khasu kapena kupita kusukulu. Ululu pokhala malo amodzi ndi mwamuna. Ululu popita kuchimbudzi pa masiku a kumwezi. Ndiponso, kwa ena, kusatenga pathupi. Ambiri amavutika zaka ndithu asanadziwe dzina la nthenda yawo, pakuti anauzidwa ali namwali kuti mkazi amapirira. Kupirira ndi ukoma ndithu, koma Ambuye sanatilamule kupirira chimene chili ndi mankhwala. Dotolo amafunsa, amayeza, amaunika ndi sikani. Nthawi zina amalowetsa kachipangizo koonera m'mimba kudzera pa kabala kakang'ono pafupi ndi mchombo.

Mpaka lero palibe mankhwala ochotseratu nthendayi. Amene alipo amachepetsa ululu ndi kuigonetsa. Oyamba ndi opha ululu, monga ibuprofen ndi paracetamol. Akalephera amenewa, dotolo amapereka mankhwala a mahomoni: mapiritsi aja a tsiku ndi tsiku, kapena jakisoni wa miyezi 3. Ntchito yawo ndi kuchepetsa msambo kapena kuuimitsa, kuti minofu yosokera ija ileke kutupa. Alipo ena amphamvu koposa, monga jakisoni wa goserelin, amene amachititsa thupi kukhala ngati la mayi woleka kusamba; koma chifukwa amafooketsa mafupa ndi kutenthetsa thupi, kawirikawiri saperekedwa kupitirira miyezi 6 popanda mankhwala ena otchinjiriza mafupa. Dziwani ichi: mankhwala a mahomoni sathandiza kutenga pathupi, ndipo ambiri amaletsa kumene pa nthawi imene akugwira ntchito.

Apa ndi pamene pagona funso la katekisiti wathu uja. Kodi mkhristu angamwe mankhwala oletsa kubereka? Eklezia anayankha kalekale. M'chaka cha 1958 Papa Pius XII, polankhula kwa madotolo a matenda a magazi, anaphunzitsa kuti mkazi womwa mapiritsi otere mwa uphungu wa dotolo, pofuna kuchiza nthenda ya chiberekero osati kupewa mwana, salakwa. Papa Paul VI anabwereza zomwezo m'kalata yake ya Humanae Vitae ya 1968, ndime 15: njira zochizira nthenda za thupi n'zololedwa ngakhale munthu adziwiretu kuti zidzatsekereza kubereka, malinga ngati kutsekerezako sindiko kumene akufuna. Piritsi ndi lomwelo, koma ntchito ndi ziwiri. Wina amalimwa kuti akane mwana. Mayi wathuyu ankalimwa kuti adzuke pamphasa, ndipo mwanayo ndi amene wakhala akumupempherera zaka zonsezi. Inu akatekisiti mulibe mphamvu yoletsa munthu masakramenti. Mukakayika, mtumizeni kwa wansembe, ndipo mlomo ukhale wotseka, pakuti za m'thupi la mayi si za pabwalo.

Mankhwala akalephera, kapena banja likafuna mwana, dotolo angalangize opaleshoni. Amadula kapena kutentha minofu yosokerayo, amalekanitsa ziwalo zomatirirana, nachotsa zotupa za pa timatumba ta mazira zimene zimadzaza magazi akale akuda bii. Ambiri ululu umawachepera, ndipo ena amatenga pathupi pambuyo pake. Koma ndisakunamizeni: nthendayi imatha kubwerera, ndipo kuchita opaleshoni kawirikawiri pa timatumbato kumachepetsa mazira otsala. Chifukwa chake mayi anene poyera kwa dotolo, mpeni usanagwire ntchito, kuti akufunabe kubereka. Madotolo odziwa matenda a amayi amapezeka m'zipatala zazikulu monga Kamuzu Central ku Lilongwe ndi Queen Elizabeth ku Blantyre, ndipo kalata yopitira kumeneko imachokera ku chipatala cha kwanu.

Njira yotsiriza ndi kuchotsa chiberekero, nthawi zina pamodzi ndi timatumba ta mazira. Ngakhale imeneyi sithetsa ululu kwa onse, pakuti nthendayo ili kunja kwa chiberekero. Eklezia amalola kuchotsa chiwalo chodwala chimene chikuika moyo kapena thanzi pa ngozi yaikulu, ngakhale kubereka kuthere pomwepo.

Mawu awiri kwa inu abambo ndi ankhoswe. Mkazi akakana chifukwa cha ululu, sindiye kuti waona wina; mperekezeni kuchipatala, mumve nokha zimene dotolo anene. Ndipo mwana akapanda kubwera, ukwati uli chilili: lamulo 1084 la m'Malamulo a Eklezia a 1983 likuti kusabereka sikuletsa ukwati kapena kuufafaniza. Uphungu wakuti atenge pathupi kuti achire ndi wabodza. Mimba imangogonetsa ululu kwa ena, ndipo msambo ukayambanso, ululunso ungabwere.

Mayi uja analandira Ukaristia Lamulungu lapitali. Dotolo wamuuza kuti azilemba m'kabuku masiku a ululu, ndipo adzabwerere ndi mwamuna wake kuti akambirane za opaleshoni.