ULEMU WOSACITITSA MANYAZI

Kuwerenga: Rute 2:1-17, Levitiko 19:9-10

Tonse tinaphunzitsidwa ulemu tili ana. Tidziwa kugwada popereka madzi kwa apongozi, ndiponso kulandira cinthu ndi manja awiri. Izi ndi zabwino ndithu. Koma kulemekeza akulu-akulu okha sikukwanira, pakuti ngakhale osapemphera amatero. Lero tiphunzire kwa Boazi ulemu wopita kwa munthu amene sangatibwezere kanthu.

Rute anali wamasiye, mlendo wocokera ku Moabu, mmphawi wokunkha barele m'munda wa eni ku Betelehemu. Mwini mundawo anali Boazi. Onani zimene iye anacita:

1. Pofika kumunda anayamba ndiye kupereka moni kwa anchito ake (ndime 4).

2. Anamteteza Rute. Analetsa anyamata kumkhudza, namlola kumwa madzi amene iwo anatunga (ndime 9).

3. Anamuitana kuti adye pamodzi ndi okolola, nampatsa yekha cakudya (ndime 14).

4. Anauza anyamata kuti azimsiyira dala ngala zina, ndipo asamdzudzule (ndime 15-16).

Mfundo yacinai tiigwire bwino. Lamulo la Mose linalola kale osauka kukunkha, koma Boazi anaonjezerapo mwakacetecete. Madzulo Rute anabwerera kwa Naomi ndi barele wokwana ngati efa, monga munthu wocokera kunchito, osati wopemphetsa.

Nanga inu amai? Mwina mumathandiza wamasiye ndi citenje kapena unga, koma mawa mudzi wonse wamva kuti ndinu munampatsa. Wakhuta inde, koma kuchalichi adzalowa mutu uli pansi, kapena adzalekeratu kubwera. Mtsikana wanchito pakhomo panu mumamuitana ndi dzina lake, kapena mumangoti “iwe”? Amadya ndiwo zimene mukudya inu? Kumbukirani kuti ana anu aamuna akuona. Mnyamata amene aona amake akunyoza wanchito sadzadziwa kulemekeza mkazi wake, kapena kupatsa nkhalamba mpando m'basi.

Mafunso okambirana:

(a) Ndani pampingo pathu amene timampitirira osampatsa moni?

(b) Tingathandize bwanji amasiye athu popanda kuwacititsa manyazi?

Pemphero: Atate, munatilandira ife alendo mwa Yesu Kristu osationetsa manyazi. Tiphunzitseni kulandira anzathu motero. Amen.