Phunziro: Tisamale Madambo ndi Mitsinje Yathu

Werengani: Genesis 2:15

Amayi okondedwa, Adamu sanapatsidwe ntchito yolima yokha, anapatsidwanso udindo wosamala munda. Udindowu ndi wathunso.

Mtsinje wa Phalombe umayambira m'phiri lathu la Mulanje n'kukathira m'nyanja ya Chilwa, kumene kumachokera matemba athu a ndiwo. Nyanjayi inaphwa mu 1995 ndi mu 2018 mvula itachepa. Kulima mpaka m'mphepete mwa mtsinje kumawonjezera vutoli, pakuti dothi limakokoloka n'kukakwirira nyanja. Bango ndi udzu wa m'dambo zimasefa madzi, ndipo nsomba ndi mbalame zimaswana m'menemo.

Tiyeni tibzale nsungwi ndi vetiva m'mbali mwa mitsinje, tisatenthe madambo.

Funso: Kodi ana athu tidzawasiyira madzi otani?